Kudikira Thukuta ku Cowdray Park

Amuna anga amadziwa nthenda imodzi yokha, ndipo nthendayo ndi malungo. Anabadwira ku Ntcheu, anabwera kuno ku Bulawayo ali mnyamata kudzagwira ntchito pa fakitale yosoka zovala ku Belmont, ndipo ngakhale imvi zawamerera kuno, matenda alionse olowa m'nyumba mwathu amawayang'ana ndi maso a ku Ntcheu. Mutu ukawawa, ndi malungo. Msana ukawawa, malungo ali m'njira. Ine ndinabadwira ku Luveve, konkuno ku Bulawayo, kumene udzudzu umangosokosa m'khutu osanyamula kanthu, ndipo ndinakula osaonapo malungo enieni. Choncho nkhani imeneyi ndinkawasiyira iwo, monga momwe iwo amandisiyira ine za kumsika.

Mankhwala awo aakulu ndi bulangete. Chiphunzitso chawo n'chachifupi: malungo amatuluka ndi thukuta. Munthu umufunditse mpaka anyowe, mawa adzuka akufunsa chakudya. Ana athu anakula akuchidziwa chiphunzitsochi, moti wina akamva mutu ankabisa, kuopa kukwiriridwa.

Nyumba yathu ya ku Cowdray Park tikuimangabe mpaka lero. Zipinda zina zili ndi malata, zina zinaima pa mawindo n'kumadikira chifundo cha Mulungu ndi simenti. Komabe ndi nyumba yodziwika kwa anthu a kumudzi amene akupita ku Joni. Amafika ndi chikwama chimodzi ndi moni wochokera kwa achibale, n'kugona masiku angapo podikira malayitsha. Malayitsha ndi madalaivala aja amene amanyamula anthu ndi katundu pakati pa mzinda uno ndi Joni, galimoto ikukoka ngolo yodzaza mpaka kumwamba. Ine alendo sindiwakana. Malemba amatichenjeza kuti ena analandira angelo osadziwa, ngakhale ndinene kuti angelo ambiri amene ndalandira ine amadya kwambiri.

Chaka chimenecho, m'mwezi wa Okutobala, anafika mwana wa alamu anga, achimwene awo a amuna anga. Ndikuti mwana chifukwa ndi mmene timatchulirana, koma anali bambo wandevu zake, kalipentala, wosiya mkazi ndi ana awiri kumudzi. Anali munthu waulemu. Tsiku lomwe anafika anakonza chitseko chathu chimene chinkalira kuyambira pamene tinachiika. Vuto lake linali limodzi: mantha a njira. Aliyense amene ankakumana naye ankamufunsa za malire, za mtsinje, za apolisi, za ntchito kutsidyako. M'mawa ankapita kumene malayitsha amapakira katundu, n'kubwerako ndi nthano za anthu amene anabwezedwa ndi amene sanamvekenso.

"Amayi, munthu akanamaoneratu," ankatero. "Kungoona pang'ono chabe kuti kutsogoloku kuli bwanji."

"Amene amaona kutsogolo alipo kale, mwana wanga. Tiye tigwade."

Ankagwada, koma ameni wake ankabwera msanga, ngati wa munthu amene ali ndi pena popita.

Sabata imeneyo m'mipopi munalibe dontho. Ku Cowdray Park zimenezi si nkhani. Ndinali nditaima pamzere wa pamjigo mpaka miyendo kuuma, ndipo pa madzi amene ndinabwera nawo ndinapatula ndowa ziwiri zimene palibe amene ankaloledwa kuzikhudza. Zinali zochapira bulauzi yanga yoyera ndi duku la amayi a mpingo, pamodzi ndi malaya a amuna anga, chifukwa Lamulungu limenelo inali nthawi yawo yowerenga Mawu kutsogolo.

Loweruka ndilo linali tsiku la ulendo. Dalaivala anali atanena kuti adzamutenga masana. Ine ndinapita kumsika m'mawa kukamugulira kamba wa panjira, ndipo pobwerako dzuwa lili paliwombo ndinamupeza atakhala pa mulu wa njerwa, padzuwa penipeni, chikwama pambali. Ankatola tinthu m'mlengalenga, kamodzikamodzi, mosamala, ngati munthu wosankha miyala mu mpunga. Kenako anaika zala ziwiri pakamwa n'kukoka fodya amene panalibe. Munthuyu fodya sasuta.

"Kodi wakonzeka kale?" ndinatero.

Sanandiyankhe ine. Anayankha wilibala. Anaimirira, anavula chipewa, anatulutsa pasipoti m'thumba n'kuipereka kwa wilibala ndi manja awiri, akunena kuti akukaona achibale basi, sakhalitsa.

Ndinaseka, chifukwa ndinkayesa akundiseweretsa poyeserera za pamalire. Ndinasiya kuseka pamene anatembenuka. Maso ake anali akuda bii, kamwana ka diso katakula mpaka kudzaza, ndipo ankayang'ana modutsa ine ngati ndine zenera.

Ndinaitana amuna anga, amene anali kuseri akuyeseza kuwerenga ndime yawo ya mawa. Anabwera chala chili m'buku, anaika chikhatho pamphumi pa mwanayo n'kuchichotsa msanga.

"Amayi, awa ndi malungo aakulu. Akwera kumutu. Anabwera nawo kuchokera kumudzi, amangobisala. Tengani mabulangete."

Kunena zoona, nkhope yawo inali ndi nkhawa komanso kachimwemwe pang'ono. Patapita zaka zonsezi, malungo enieni anali atafika pakhomo pawo.

Tinamulowetsa m'chipinda movutikira, chifukwa ankafuna kupereka moni kwa aliyense amene ankamuona pakhonde, ndipo pakhondepo panalibe munthu. Tinamugoneka. Amuna anga anamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba, n'kupinda m'mbali bwinobwino kuti mphepo isalowe. Pansi pa malata mu Okutobala ngakhale buluzi amafuna mthunzi. Kenako anatulutsa kachitini kawo ka mapiritsi a malungo amene mlendo wina anawasiyira kalekale. Piritsi linamatirira palilime louma ngati chikopa, ndipo madzi amene tinayesa kumumwetsa anangotsikira m'ndevu. Anatsokomola, piritsi linagwera pa pilo, ife tinaleka.

"Palibe kanthu," anatero amuna anga. "Thukuta ligwira ntchito yake. Tidikire."

Tinadikira. Ine ndinagwada pambali pa bedi n'kumapemphera chamumtima. Maganizo a ziwanda anandifikira, sindikana. Koma ndinakumbukira kuti munthu uja wa kumanda, ngakhale anali ndi khamu lonse m'kati mwake, anamuzindikira amene anaima patsogolo pake. Uyu sankazindikira ngakhale khoma. Ankangong'ung'udza mawu osalumikizana, manja akutuluka m'mabulangete kukatola tinthu take tija, amuna anga n'kumawabwezera m'kati.

Thukuta silinabwere. Amuna anga anawonjezera jasi lawo lalikulu la m'nyengo yozizira. Silinabwerebe. Ndinalowetsa dzanja pansi pa mulu wonsewo kuti ndimve pachifuwa. Mtima unkathamanga ngati makina osokera a ku Belmont masiku amene mafakitale anali moyo, ndipo khungu linali lotentha ngati simbi, louma gwa. Ndinapititsa dzanja m'khwapa. Ngakhale m'menemo munali mouma. Apa ndi pamene mantha enieni anandigwira, chifukwa ine ndemwe ndinali nditanyowa bulauzi ndi kungokhala m'chipindamo.

Nthawi imeneyo ndi pamene makhelwane analowa. Makhelwane ndi mmene timatchulira woyandikana naye nyumba m'Chindebele, ndipo wanga ndi mayi wa ku Nkayi, wogulitsa masamba, amene sagogoda chifukwa khoma la pakati pathu silinafike m'chiuno. Timalankhulana zosakaniza, iye Chindebele chokhala ndi Chichewa chimene anatola kwa ine, ine mosinthanitsa.

"Makhelwane, ndani akulalikira kuno masana ano?" anatero ali pakhomo. Kenako anaona muluwo. "Hayi bo. Muli munthu m'menemo?"

"Malungo, mama," anatero amuna anga mwaulemu wa munthu wodziwa ntchito yake.

Makhelwane anawerama, anatsegula chikope cha mwanayo ndi chala, anayang'ana manja aja akutola mphepo. Sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Wadya chiyani lero?"

Sitinkadziwa. Anatuluka, ndipo tinamumva akuzungulira kuseri kwa zipinda zopanda denga. Anabwerako atanyamula chitini chakuda ndi utsi, chimene anachipeza pa mafuwa ang'onoang'ono. Pansi pake panali njere zakuda zophikidwa. M'dzanja lina anali ndi nthambi yokhala ndi chipatso chobiriwira chaminga, chong'ambika.

Chomeracho ndinkachidziwa. Chimamera chokha pa mulu wa zinyalala za omanga kuseri kwathu, ndipo maluwa ake ndi oyera, aatali ngati malipenga. M'mawa ndinkawaona n'kumayamika Mlengi amene amaveka ngakhale thengo la padzala.

"Baba, chotsani mabulangete," anatero makhelwane. "Mlongo wanga anachita zomwezi ali mnyamata, anzake atamunamiza. Chinthu ichi chimayatsa moto m'thupi kenako n'kutseka pamene thukuta limatulukira. Mukumuphika."

"Mama, ine malungo ndawadwala kuyambira ndili kumbuyo kwa amayi anga."

"Sindikukana, baba. Koma awa si anu aja."

Amuna anga anaima pakati pa bedi ndi makhelwane, manja kumbuyo. Ndimawadziwa akaima choncho. Kukangana nawo kukanatitengera mpaka madzulo, ndipo mwana uja analibe mpaka madzulo. Ndinawayandikira n'kulankhula motsitsa.

"Abambo, inu ndinu mumadziwa za thukuta kuposa tonsefe. Taikani dzanja m'khwapa mwake, mutiuze."

Anaika. Dzanja linakhala m'menemo kanthawi. Kenako anachotsa jasi lija okha, n'kuyamba kuchotsa mabulangete limodzilimodzi, akupinda lililonse m'makona anayi ngati ali pa fakitale.

Tinamuvula malaya n'kumukokera pakhomo pamene pankadutsa kamphepo. Makhelwane anafunsa madzi. Ndinayang'ana ndowa zanga ziwiri zija, ndipo ndinamva kamtima kakuti tsoka ine, koma kanali kamphindi chabe. Nsalu imene inali pafupi inali duku loyera lomwelo, limene linali pamwamba pa zochapa. Ndinaliviika n'kumamupukuta nalo m'khosi, m'khwapa, pachifuwa. Tinanyowetsa chitenje n'kumuyala nacho, amuna anga akumukupiza ndi chivundikiro cha ndowa. Madzi ankauma pakhungu pake tikuona.

"Mkaka ulipo?" anafunsa makhelwane. "Amwe kuti asanze."

Mkaka panalibe. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, ndipo umene unatsala ndinali nditathira m'phala usanawonongeke. Amuna anga anali akufuna nsapato kuti athamangire kugolosale pamene hutala inalira pachipata.

Anali malayitsha uja. Bambo wamimba, chipewa chachikopa, ngolo kumbuyo itamangidwa ndi zingwe ngati mtolo wa nkhuni. Anatsitsa galasi n'kufuula kuti wa ku Joni atuluke, dzuwa silidikira. Nditamukodola anatsika monyinyirika, anasuzumira pakhomo, anaona chitini chija m'manja mwa makhelwane, n'kupukusa mutu.

"Winanso," anatero. "Anyamata a kumene timapakira aja. Amauzana kuti ukamwa umaona ngati njira ili yotseguka. Mama, ine uyu sindimutenga. Angandifere panjira, pa Gwanda."

"Sitikupita ku Gwanda, bambo. Tikupita kuchipatala, ndipo galimoto imene Mulungu watumiza ndi yanuyi."

"Ine sananditume Mulungu, mama. Ndili ndi anthu akundidikira m'tauni."

"Ngakhale bulu uja amene anayankhula panjira sankadziwa kuti watumidwa."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndamutukwana. Makhelwane anaseka, iyenso anaseka, n'kupita kukamasula ngolo. Anaisiya pachipata pathu, makhelwane atakhala pamwamba pake ngati mlonda, ndipo za mkaka zinaiwalika m'chipwirikiticho.

Kumukweza m'galimoto kunali kosavuta, chifukwa mwanayo atamva injini anakhulupirira kuti ulendo wayamba. Vuto linabwera panjira. Anayamba kuona zinthu zikukwawa pampando, n'kumafuna kutsegula chitseko galimoto ikuyenda. Dalaivala anati pansi pa mpando pali chingwe, timumange. Ndinakana. Ndinali nditaona kuti tikamugwira mwamphamvu amalimbana, ndipo akalimbana thupi limatentha koposa. Amuna anga anakhala kumbali ya chitseko, ine mbali inayo ndi duku langa lonyowa, ndipo ndinayamba kuimba motsitsa nyimbo ya kutchalitchi imene amayi ake ayenera kuti ankamuimbira. Sanaimbe nawo, koma manja ake anabwerera ku ntchito yawo yotola mphepo, imene sinkapweteka munthu. Nthawi ndi nthawi ankagwira pansi pa mchombo n'kubuula. Chitini ndi nthambi ija ndinazinyamula m'pepala la pulasitiki, chifukwa makhelwane anati adokotala akaone ndi maso awo.

Pachipatala chachikulu anaona anthu a yunifolomu ndi mzere, n'kutsimikiza kuti tafika pamalire. Anapereka pasipoti kwa namwino ndi manja awiri. Namwinoyo, mayi wamkulu amene mwachionekere anali ataona zambiri, anailandira, anaitsegula, anati zonse zili bwino, bambo, gonani apa tikudindireni. Anagona mwaulemu. Pasipoti anandipatsa ine kumbali.

Dokotala anali mtsikana wamsinkhu wa mwana wathu wachiwiri. Anayang'ana m'pulasitiki muja, anayang'ana maso a wodwala, anamvetsera mtima ndi m'mimba. Kenako zinthu zinayenda msanga. Anamuika dilipi ya madzi pamkono, anamata timawaya pachifuwa kuti aziona kagundidwe ka mtima, anamuyala nsalu zonyowa n'kumulozetsa chokupizira mphepo. Anamubaya jakisoni womukhazika mtima pansi, ndipo manja aja anayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka anagona pa bedi. Anamuikanso kapaipi kotulutsira mkodzo, chifukwa poizoniyu amatsekanso chikhodzodzo, ndipo n'chimene ankabuulira m'galimoto.

"Popeza wachokera ku Malawi posachedwa, timuyezanso malungo," anatero dokotala.

Amuna anga anawongoka pa benchi. Anatsatira ndi maso kadontho ka magazi kuchokera pachala mpaka pa kachipangizo koyezera, ndipo anadikira ngati munthu wodikira chigamulo cha mlandu wa munda. Malungo sanapezeke. Anatsamiranso pa benchi.

Dokotala anatifunsa zimene tinachita kunyumba. Anafunsa ngati tinamusanzitsa.

"Tinalibe mkaka," ndinatero.

"Mwachita mwayi. Munthu wosokonezeka chonchi akasanza, masanzi amatha kulowa m'mapapo. Musamamumwetse kanthu mokakamiza."

Ndinaganiza za magetsi aja amene ndinawadandaula dzulo lake, ndipo ndinapepesa kwa Ambuye chamumtima. Dokotala anapitiriza kutiuza kuti pali makala a mankhwala amene amamwetsa munthu kuti agwire poizoni m'mimba, koma amathandiza wodwala akafika msanga ndiponso ali wokhoza kumeza bwino, ndiye kwa uyu sakanawagwiritsa ntchito. Anati alipo mankhwala ena otsutsana ndi poizoniyu, koma sapezeka paliponse ndipo sapatsidwa kwa aliyense. Ntchito yaikulu, anatero, ndi kulisunga thupi lili lozizira, lili ndi madzi, mtima ukuyang'aniridwa, mpaka poizoni atatheratu yekha.

Amuna anga anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Adokotala, ine ndinamufunditsa mabulangete."

"Angati, baba?"

"Onse. Ndi jasi."

Mtsikanayo sanaseke ndipo sanakalipe. Anati kutentha ndi kumene kumapha anthu ambiri otere, ndipo amene anaganiza zochotsa mabulangete n'kumuthira madzi anachita chinthu chachikulu.

"Anachotsa okha," ndinatero, ndipo sikunali kunama.

Ndinafunsa ngati adzakhala moyo. Anati sangalonjeze, popeza palibe amene akudziwa kuchuluka kwa zimene anamwa, ndipo chomerachi mphamvu yake siifanana, njere za chipatso china zimaposa za chinzake. Ndinafunsa kuti tidzadziwa bwanji kuti zayamba kusintha.

"Mtima ukayamba kutsika, m'kamwa mukayamba kunyowa. Ndipo mukadzaona thukuta, mudzadziwe kuti thupi layambanso kudziziziritsa lokha."

Amuna anga ananditembenukira pang'onopang'ono. Sindinawayang'ane.

Dalaivala uja tinamupeza panja akudya chimanga chootcha. Anali asanapite. Anati amafuna kumva ngati munthu wake wadutsa malire, kenako anatibweza kunyumba kukatenga ngolo yake, kumene makhelwane anali atagulitsa kale masamba kwa anthu odutsa ali pamwamba pomwepo.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi ndi diresi wamba pakati pa amayi ovala zoyera, ngati khwangwala pakati pa akakowa. Amuna anga anawerenga Mawu ndi malaya a dzana. Atatha anapempha mpingo kuti upempherere mwana wa achimwene awo, amene ali m'ng'anjo. Anthu anaganiza za anyamata atatu aja a m'Malemba. Ine ndinaganizanso za mabulangete.

Masana tinakamuona. Anali akadali kutali. Ankagona, kudzuka, kulankhula ndi anthu a kumudzi amene anamwalira kale, n'kugonanso. Amuna anga anaika chikhatho pamphumi pake. Pouma. Titafika kunyumba anatenga khasu n'kukagwetsa chomera chija ndi ana ake onse, n'kuzikwirira m'dzenje lakuya kuti mbuzi kapena mwana wa munthu asazipeze. Mkazi wa mwanayo anali akuimba foni kufunsa ngati wafika ku Joni. Ndinamuuza zoona, ndipo tinapemphera limodzi pafoni mpaka inaduka yokha.

Tsiku lotsatira tinapitanso pa nthawi yoona odwala. Tinapeza chokupizira chija atachizimitsa. Mwanayo anali chigonere, maso otseka, akupuma mofatsa. Amuna anga anapita molunjika kumutu kwa bedi, anaika chikhatho pamphumi, ndipo sanachichotse. Kenako anachitembenuza n'kundionetsa. Chinali chonyowa. Timadontho tinali titandandalika m'mphepete mwa tsitsi ndi pamwamba pa mlomo, ndipo kamodzi kanali kakutsetsereka kulowera kukhutu.

Ine ndinagwira chitsulo cha bedi. Ndinathokoza Iye amene anatiumba ndi timabowo tosaoneka pakhungu, timene sindinayambe ndatiganizirapo moyo wanga wonse.

Amuna anga anatulutsa kampango m'thumba, anapukuta mphumi ya mwanayo mosamala, kenako anapukuta maso awo ndi kampango komweko.

"Amayi," anatero, "ine ndinanena kuyambira pachiyambi kuti munthuyu akufunika atuluke thukuta."

"Munanenadi, abambo."

Mwanayo anatsegula maso ndi mawu athuwo. Anatiyang'ana nthawi yaitali akutsinzinira, n'kufunsa ndi mawu okhakhala ngati galimoto yafika. Za wilibala, za mabulangete, za ulendo wa kuchipatala, sankakumbukira chilichonse. Chomaliza chimene ankachidziwa chinali kuwawa kwa madzi a m'chitini.

Atatuluka anakhala nafe kanthawi ndithu, chifukwa maso anachedwa kubwerera. Kuwala kunkamupweteka, ndipo zilembo zinkasungunuka akaziyang'ana, moti mauthenga a mkazi wake ndinkamuwerengera ndine. Tsiku lina tili pakhonde ndinamufunsa.

"Tsono unaona chiyani? Njira ija inali yotseguka?"

Anaweramitsa mutu. "Amayi, njira sindinaione. Zimene zimabwera pang'ono m'mutu ndi mphemvu. Mphemvu zambiri, ndi aphunzitsi anga a sitandade 3 atakhala pa denga."

"Anakuuza zotani aphunzitsiwo?"

"Amangondiyang'ana."

Ndinamuwerengera nkhani ya ophunzira a mneneri amene m'nthawi ya njala anathyola zipatso zakuthengo zosazidziwa n'kuziponya mumphika, mpaka anafuula kuti muli imfa. Sindinawonjezere ulaliki. Iye anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ameni wake tsiku limenelo anachedwa kubwera.

Maso atachira anatikhomera mafelemu a mawindo m'chipinda chimodzi mwa zija zopanda denga, ndipo pambuyo pake ananyamuka ndi dalaivala yemwe uja, amene anamukhazika kutsogolo n'kumuuza kuti njira aziionera pagalasi ngati anthu ena onse. Duku langa silinayerenso bwinobwino. Ndimalivalabe pogwira ntchito za pakhomo.

Alendo a kumudzi akubwerabe, ndipo amuna anga sanasiye chiphunzitso chawo. Mwezi wathawu mlendo wina anadandaula mutu, ndipo ndinawaona akupita kukatenga bulangete. Koma asanamufunditse anaima, bulangete lili paphewa, n'kumufunsa kuti, "Wadya chiyani lero? Wamwa chiyani? Takweza mkono." Mlendoyo anandiyang'ana modabwa pamene dzanja la mkulu wa mpingo linkalowa m'khwapa mwake. Ndinamuuza kuti angokweza, ndi mmene timalandirira alendo pakhomo pano.